Tisanamuveke munthu tcheni cha umeya ku Zomba

Ife okhala mumzinda wa Zomba sitinavoterepo meya, ndipo lamulo silitipatsa mpata wotero. Pa 16 Sepitembala 2025 tinaima pamzere n'kulandira mapepala atatu: la pulezidenti, la phungu ndi la khansala. La meya panalibe. Meya amasankhidwa pambuyo pake, m'chipinda cha misonkhano cha khonsolo, kuchokera pakati pa makhansala omwewo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 105,013 mumzinda muno, pomwe mawadi ake akhala ali 10. Ndiye kuti anthu 6 akamvana usiku woti mawa kuli chisankho, nkhani ya amene avale mkanjo ndi tcheni kwa zaka ziwiri ndi theka imakhala yatha kale.

Mpikisano ulipo ndithu, ndipo umatentha, kungoti umachitikira kuseri. Umayenda pa mafoni, m'nyumba za akuluakulu a zipani ndi m'manong'onong'o a pamaliro. Mafunso amene amamveka ndi akuti uyu ndi wa chipani chanji, wachokera wadi iti, nanga ulendo uno si nthawi ya mbali inayo? Funso limene ine limandisowetsa tulo silifika n'komwe pakhomo la chipindacho: munthu ameneyu akakhala pampando, ndalama zochepa zimene khonsolo ili nazo akufuna ziyambire pati, ndipo n'chiyani chimene wavomera kuti chidikire?

Ena anena kuti funsoli n'lopanda ntchito chifukwa meya wa ku Malawi alibe mano. Mbali ina akunena zoona. Amene amayendetsa ntchito za tsiku ndi tsiku, kuyang'anira antchito ndi kusainira ndalama ndi mkulu wa khonsolo, ndipo kuyambira pamene lamulo la maboma ang'onoang'ono linasinthidwa mu 2010, mkuluyu amasankhidwa ndi nduna. Meya sasaina cheke. Koma ndi meya amene amatsogolera msonkhano wa khonsolo yonse, ndipo ndi msonkhano umenewu umene umavomereza bajeti ndi malamulo a mzinda. Ndi iye amene angalole nkhani ya zinyalala kukambidwa mpaka itapsa, kapena kuidutsitsa mwachangu kuti anthu akadye nkhomaliro. Ndi iye amene atolankhani amamuthamangira msika ukapsa kapena mlatho ukakokoloka. Akafunsa pagulu kuti ndalama za ziphaso zamumsika mwezi uno zakwana zingati, ofesi ya zachuma singangomuyang'ana. Mphamvu imeneyi ndi yaing'ono, koma mumzinda wa msinkhu wa Zomba ndi yokwanira kusintha fungo la pamsika.

Kuti sitifunsa mafunso amenewa sindidabwa kwenikweni. Lamulo la maboma ang'onoang'ono ndi mfundo za mphamvu ku anthu zinabwera mu 1998. Chisankho choyamba cha makhansala mu ulamuliro wa zipani zambiri chinachitika mu Novembala 2000, ndipo amene anakavota anali pafupifupi 14 pa anthu 100 alionse olembetsa. Nthawi ya makhansala amenewo itatha mu 2005, dziko linakhala opanda makhansala mpaka Meyi 2014. Zaka 9 zimenezo zinatiphunzitsa kuti vuto lililonse, kaya ndi mlatho, fizi ya mwana kapena bokosi la maliro, timapita nalo kwa phungu. Mwana amene anayamba sitandade 1 mu 2005 anafika ku sekondale asanaonepo khansala ndi maso. Lero ndi bambo kapena mayi wa pabanja pake, ndi wovota, koma palibe anamuuza kuti ngalande ya kuseri kwa nyumba yake ili ndi mwini wake m'bajeti ya khonsolo.

Chifukwa cha ichi, malonjezo a pakampeni amangouluka osatera paliponse. Wofuna ukhansala amaima pa bwalo la sukulu n'kulonjeza madzi, magetsi, mankhwala m'chipatala ndi ntchito kwa achinyamata, anthu n'kumaomba m'manja, amayi n'kumalulutira. Komatu madzi a m'mipopi ya Zomba, ochokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri, ali m'manja mwa Southern Region Water Board. Magetsi ndi a ESCOM. Msewu waukulu wa M3, wochokera ku Blantyre kudutsa pakati pa tauni kulowera ku Liwonde, ndi wa Roads Authority. Chipatala chachikulu cha Zomba Central chili pansi pa Unduna wa Zaumoyo. Pa zonsezi meya angathe kupempha, kukumbutsa, ngakhale kukalipa, koma alibe thumba lotapamo. Zimene zili m'manja mwa khonsolo ndi zina, zosamveka bwino pa chimkuzamawu: kutola zinyalala, misika, zimbudzi za onse, ngalande, misewu ya m'makwalala, magetsi a mumsewu, manda, ozimitsa moto, ziphaso za bizinesi ndi kuvomereza mapulani a nyumba. Wofuna umeya amene akuchulutsa mawu pa zinthu za eni ake, n'kumalambalala zake zenizeni, akutiuza kale m'mene adzagwirire ntchito.

Ndalama za khonsolo zimachokera kuwiri. Zina zimatsika ku boma lalikulu kudzera ku National Local Government Finance Committee, komiti yoona za ndalama za makhonsolo, ndipo zambiri mwa izo zimabwera zitalembedwa kale ntchito yake, za sukulu ku sukulu, za misewu ku misewu. Mfundo za 1998 zinanena kuti 5 peresenti ya ndalama zimene boma limatolera izipita ku makhonsolo kukachita chitukuko, koma makhonsolo akhala akudandaula chaka ndi chaka kuti mlingo umenewu sufikiridwa, ndiponso kuti zochepa zomwezo zimafika mochedwa. Zina ndi zimene khonsolo imatolera yokha: msonkho wa malo ndi nyumba umene timangouti ma city rates, ziphaso za mashopu ndi malo omwera mowa, ndalama za pa depoti, za mapulani, ndi matikiti a mumsika. Ufulu weniweni wa makhansala uli pa ndalama zachiwirizi.

Apa m'pamene Zomba ali ndi vuto lakelake. Mzinda uno unali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo unakhala ndi Nyumba ya Malamulo mpaka zaka za m'ma 1990. Likulu linasamuka, koma nyumba za boma zinatsala, pamodzi ndi asilikali a ku Cobbe, ndende yaikulu, sukulu ya apolisi, yunivesite, chipatala cha odwala matenda a maganizo, MANEB, ofesi ya kalembera wa dziko ndi malo osungira zolembedwa zakale. Malo abwino kwambiri a mumzinda ali pansi pa mabungwe amenewa. Lamulo limati boma lizilipira theka lokha la msonkho pa malo ake, ndipo malo opembedzera, manda, sukulu ndi zipatala zosachita phindu salipira. Mafakitale akuluakulu onga a ku Makata kapena ku Kanengo kuno kulibe. Ndiye mzinda umene unapatsidwa ulemu wokhala city mu 2008 uli ndi udindo wa city, koma anthu oupatsa ndalama ndi ochepa. Ambiri a ife timakhala m'madera amene anakula opanda pulani, monga Chikanda ndi mbali zina za Chinamwali, Sadzi ndi Mpondabwino, kumene nyumba zambiri sizinalowe n'komwe m'kaundula wa msonkho.

Pali munthu mmodzi amene salephera kulipira. Pitani mumsika waukulu m'mawa, dzuwa lisanakwere. Mayi wa tomato wangotsitsa dengu, akupukuta tomato mmodzimmodzi ndi kansalu n'kumuunjika timilu ta anayianayi, wamkulu pansi, wokongola pamwamba. Asanagulitse ngakhale mulu umodzi, wodula matikiti wafika. Mayiyo amamasula mfundo ya pakona ya chitenje, kapena kupempha mnzake wa masamba kuti ayambe wamulipirira, abweza masana. Kapepalako amakapinda n'kukapanikiza pansi pa mbale kuti kasauluke, chifukwa wina akhoza kubwera kudzakafunsa. Amachita zimenezi tsiku lililonse, kaya malonda ayenda kaya tomato waola. Mwini nyumba yaikulu ya m'mbali mwa phiri akhoza kukhala zaka osalipira ma rates, kalata n'kumangobwera, iye n'kumaiika m'dirowa. Mayi uyu sangadumphe ngakhale tsiku limodzi. Kwa ine, bajeti ya mzinda iyenera kuyesedwa poyamba ndi funso lakuti: pa ndalama zimene mayi ameneyu wapereka chaka chonse, n'chiyani chimene chabwerera pamalo pamene amakhala? Kodi chimbudzi chili ndi madzi? Kodi mulu wa zinyalala wa kuseri kwa mabenchi unachotsedwa? Mvula ikagwa, amaponda pouma?

Kulemba bajeti masiku ano si ntchito yosiririka, ndipo amene amaigwira ndimawamvera chisoni. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Dizilo wa galimoto ya zinyalala, matayala, simenti, mababu a magetsi a mumsewu, zonse zinakwera, pomwe mitengo ya ziphaso ndi ma rates singakwezedwe mwa tsiku limodzi popanda phokoso. Ndalama zikachepa, zoyamba kutuluka ndi malipiro a antchito, mafuta a maofesi, ngongole za madzi ndi magetsi, ndi maalawansi a misonkhano. Ntchito zofika kwa anthu zimadya zotsala. Chaka cha boma tsopano chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, ndiye mvula yoyamba imatipeza thumba litayamba kale kupepuka. Ngalande zimafunika kukumbidwa mu Sepitembala ndi Okutobala. Ngati palibe amene anaumirira mu Febuluwale, pokambirana bajeti, kuti ndalama za ntchito imeneyi zipatulidwe ndipo zisakhudzidwe, mu Disembala timangoonera madzi akulowa m'mashopu.

Mukandifunsa ine, zinthu zitatu ziyenera kukhala patsogolo pa china chilichonse: zinyalala, ngalande ndi zimbudzi. Sindikutero chifukwa chosowa maloto aakulu a mzinda wanga. Zomba anamangidwa m'tsinde mwa phiri. Mvula ikagwa kumtunda, madzi amatsika ndi liwiro kudutsa m'nyumba za anthu, m'misewu ndi mumsika, n'kukathira mu Likangala, mtsinje umene umakafika ku nyanja ya Chilwa. Aliyense amene anaimapo pakhonde la shopu nthawi ya mvula yoyamba anaona zimene zimatuluka m'ngalande: majumbo, mabotolo apulasitiki, zikonyo za chimanga, makoko a nzimbe, matewera a ana. Zikafika pa kalavati zimatsekapo, madzi n'kukwera pamsewu, n'kuyamba kudya phula m'mphepete. Pakutha pa nyengo ziwiri msewu umene unadya ndalama zambirimbiri wasanduka maenje. Anthu akumunsi, amene amachapa ndi kuthirira ndiwo zamasamba ndi madzi a mtsinjewo, amalandira zonse zimene ife akumtunda tataya, ndipo ndiwo zomwezo zimabwereranso mumsika.

Kolera amene anayamba mu Malichi 2022 anadwalitsa anthu oposa 58,000 m'dziko muno ndi kupha oposa 1,700. Sanasankhe akumudzi okha. Analowa m'mizinda, m'malo odzaza anthu, osowa zimbudzi zabwino ndi madzi aukhondo. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anaonjezera chilonda pa chilonda m'chigawo chakummwera, Zomba ali momwemo. Khonsolo singaletse namondwe. Koma kuti madzi apeze njira, kuti anthu asamange m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje kapena pamalo otsetsereka a phiri, kuti pa depoti pakhale chimbudzi chimene munthu angalowemo osatseka mphuno, imeneyo ndi ntchito ya khonsolo, ndipo mtengo wake ndi wochepa pouyerekeza ndi mtengo wa matenda ndi maliro.

Vuto la zinthu zitatuzi ndi lakuti sizidulidwa riboni. Palibe amene amaika mwala wolembedwa dzina lake pa ngalande yokumbidwa bwino. Galimoto ya zinyalala ikamabwera Lachiwiri lililonse, anthu amazolowera n'kuiwala kuti pali amene anamenyera nkhondo dizilo wake. Pomwe nyumba yatsopano, bwalo la masewero kapena mzere wa magetsi a sola zimaoneka, zimajambulidwa, zimayenda pa Facebook. Sindikunyoza zimenezi ayi. Achinyamata a Zomba anadikira bwalo lawo la masewero kwa zaka zambiri, ndipo anali ndi chifukwa cholifunira. Magetsi a mumsewu si zokongoletsa chabe kwa mtsikana wa ku yunivesite amene akubwerera ku Chikanda usiku, kapena kwa wakabaza amene amaopa achifwamba pa ngodya yamdima. Koma akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Khonsolo ya ndalama zochepa ikafuna kusangalatsa wadi iliyonse ndi kachitukuko kake chaka chomwecho, imatsala ndi maziko khumi opanda denga. Ndipo chilichonse chatsopano chimabwera ndi ngongole yake ya mawa: batire la sola limatha, bwalo limafuna mlonda ndi wotchetcha, msika watsopano umafuna madzi. Wofuna umeya akatiuza chimene adzamange, atiuzenso mzere wa m'bajeti umene udzachisamalire zaka zisanu zikubwerazo.

Nkhani ya thumba la CDF, la chitukuko cha m'madera a aphungu, yapangitsa funso la kayendetsedwe ka ndalama kukhala lofulumira. Thumbali linayamba mu 2006 ndi ndalama zochepa, linafika pa K100 miliyoni pa dera la phungu mu 2022, kenako K200 miliyoni mu 2024. Mu Meyi 2025 khoti linagamula kuti n'kusemphana ndi malamulo aakulu a dziko kuti aphungu azivota m'makhonsolo ndi kuyendetsa thumbali. Pa kampeni ya chaka chomwecho chipani cha DPP chinalonjeza K5 biliyoni pa dera lililonse pachaka. Ndalama za msinkhu umenewo zikamadutsa m'khonsolo yaing'ono, mpando wa meya ndi mipando ya m'makomiti a zachuma ndi zomangamanga imasanduka yonona kuposa kale, ndipo ofuna makontirakiti amayamba kudziwa nambala ya foni ya khansala aliyense. Ndalama zambiri zikagwera pamalo pamene palibe chizolowezi chofotokozera anthu m'mene zayendera, zimangokulitsa matenda amene analipo kale. N'chifukwa chake ndikufuna chizolowezicho chiyambe pa ndalama zazing'ono za matikiti.

Pali chinthu china chimene wofuna mpando aliyense amachiopa ngati moto, koma meya wabwino sangachithawe: kutolera ma rates. Lamulo limafuna kuti mitengo ya malo ndi nyumba iziunikidwanso zaka zisanu zilizonse. Ntchito imeneyi imafuna ndalama ndi akatswiri, ndipo ikachedwa, nyumba zatsopano zimakhala kunja kwa kaundula, zakale n'kumalipira pa mtengo wa kalekale. Ku Zomba kwamangidwa nyumba zambiri zogona ophunzira, malo ogona alendo ndi nyumba za lendi. Eni ake ambiri ndi anthu odziwika, ena ndi a mpingo umodzi ndi khansala, ena anathandiza pa kampeni. Kuwatumizira kalata ya ngongole n'kudzipalira adani. Koma kusiya iwowa n'kumathamangitsa mavenda ndi akabaza n'kulanga wofooka chifukwa choopa wamphamvu. Ndikufuna kumva wofuna umeya akunena poyera kuti adzayamba ndi angongole akuluakulu, kuphatikizapo maofesi a boma, ndipo kuti iye mwini nyumba yake ilibe ngongole ku khonsolo. Nafenso eni nyumba zing'onozing'ono tisabisale kumbuyo kwa mawu akuti tilipirenji pomwe sitiona ntchito. Mawu amenewa ali ndi choonadi chake, koma akhonsolo nawo amati tigwira bwanji ntchito pomwe simulipira, ndipo mbali ziwirizi zakhala zikulozana chala kwa zaka zambiri zinyalala zikuunjikana. Woyamba kusuntha ayenera kukhala amene wapempha udindo. Aike pa bolodi la pamsika, mwezi ndi mwezi, ndalama zimene zatoleredwa pamsikapo ndi zimene zagwiritsidwa ntchito pomwepo. Pepala limodzi lokha, lolembedwa m'Chichewa.

Anzathu a ku Zambia anasintha malamulo awo mu 2016, ndipo tsopano meya wa Chipata kapena Kitwe amasankhidwa ndi anthu onse a mumzinda, pa tsiku lomwelo la chisankho chachikulu. Ine njira imeneyi ndimaikonda, chifukwa imakakamiza wofuna mpando kuyenda mzinda wonse ndi kulankhula za mzinda wonse. Pano meya wathu amayankha kwa anthu a wadi imodzi imene inamuvotera ndi kwa makhansala anzake amene anamukweza, ndipo zaka ziwiri ndi theka zikamatha, maso ake amakhala pa anzakewo. Komabe kusintha kavotedwe kokha sikukumba ngalande. Meya wosankhidwa ndi anthu masauzande koma wopanda ulamuliro pa mkulu wa khonsolo ndi pa thumba adzangokhala ndi mawu okwera, manja ali omangika. Ngati tidzafika pokambirana zosintha lamuloli, tidzakambirane zonse ziwiri pamodzi, kasankhidwe ndi mphamvu.

Pakadali pano pali zimene lamulo likutilola kale. Misonkhano ya khonsolo yonse ndi yotsegukira anthu, ngakhale mipando ya alendo nthawi zambiri imakhala yopanda munthu. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020, ndipo bajeti ya khonsolo si chinsinsi cha asilikali. Makomiti a m'misika, mabungwe a akabaza, mipingo, mizikiti, mafumu a m'matauni ndi ophunzira a pa yunivesite ku Chirunga angathe kugwirizana n'kuitana onse ofuna umeya pa bwalo limodzi sabata imodzi chisankho chisanachitike, wayilesi ya m'dera n'kuulutsa. Sitingavote, koma makhansala amene adzavotewo adzakhala atamva zimene anthu awo amva.

Ngati lamulo silisintha, mpando wa meya udzakhalanso pa mpikisano mu 2028, ndipo bajeti ziwiri kapena zitatu zidzakhala zitadutsa. Ine ndayamba ndi khansala wa m'dera langa. Ndikufuna kuwafunsa maso ndi maso, mwaulemu wake: a khansala, chaka chathachi khonsolo inatolera zingati payokha, ndipo mwa izo zingati zinapita ku malipiro ndi misonkhano? Magalimoto a zinyalala amene akuyenda ndi angati, ofera pa jeke ndi angati? Ngalande za m'wadi muno zikumbidwa mwezi uti? Ndipo tsiku losankha meya likadzafika, munthu amene mudzamuvotereyo anakulonjezani chiyani chokhudza ifeyo?